Zotukwana za Msuweni M'kalata ya Loweruka

Ndiyambe ndi kuyamika Mulungu amene wandisunga kufikira lero, amene wasiya maso anga akuonabe bowo la singano ngakhale imvi zadzaza m'mutu, ndiponso amene sanandibwezere molingana ndi ntchito zanga. Akadandibwezera, si bwenzi ndili pano ndikulemba. Ndikuthokozaninso inu amene mwapatula nthawi kumva za telala wa ku Mandimba, munthu wopanda udindo mumpingo, wongodziwa kufika msanga Lamulungu nkuyala mabenchi.

Gulu lathu la pa foni linayamba chaka china mvula itadula msewu wa pakati pa Mandimba ndi Cuamba. Anthu ankafuna kudziwa ngati shapa zonyamula anthu zikuwoloka kapena zikubwerera panjira. Msewu utakonzedwa gulu silinathe, linangokulirakulira. Munalowa alimi a fodya a kwathu ku Ngauma, a chimanga a ku Mitande, asodzi a ku Amaramba, Akhristu ndi Asilamu, ndi ana athu amene ali ku Nampula ndi ku Joni. Mauthenga anachuluka mpaka uthenga wa maliro unkamira pakati pa zithunzi za maluwa ndi malonje a m'mawa. Ndiye tinapangana kuti Loweruka lililonse pazituluka kalata imodzi yosonkhanitsa zofunika: amene watisiya, amene wagonekedwa kuchipatala, mmene msewu ulili, mmene nsomba ndi chimanga zikuyendera pamsika.

Panalibe wolipidwa. Ine ndinadzipereka kulemba, chifukwa ambiri mwa anthu athu salemba, amangolankhula m'foni nkutumiza mawu awo, zimene timati awudiyo. Wokhala ndi nkhani ya m'kalata ankatumiza kwa ine ndekha. Ndinkamvetsera mawuwo miyendo ikuponda makina, masana ndikapuma nkulemba. Mnzanga pa ntchitoyi anali mphunzitsi wa ku Cuamba. Ine ndikalemba, iye ankawerenga nkuitulutsa pagulu. Kalatayo sinkathera m'foni ayi. Odziwa kuwerenga ankaiwerenga mokweza pamsika, pakhonde la mzikiti, ndi pansi pa mtengo wa mango anthu akatuluka m'tchalitchi.

Pagulupo panali mayi wina wogulitsa nsomba zouma, wa m'mbali mwa nyanja ya Amaramba. Mwamuna anamusiya kalekale, ana analibe. Moyo wake unali panjira ndi dengu: lero Mandimba, mawa Cuamba, mkuja ali pa komboyo, sitima ya pamtunda ya ku Entre Lagos. Nkhani zake sizinkanama. Akati mlatho wakuti wayamba kugwedera, unkaupezadi ukugwedera. Koma pakamwa pake panali ngati pamalo potumbulira nsomba. Ankatukwana dzenje la mumsewu, ntchentche, woyendetsa shapa, dzuwa, ngakhale bondo lake lomwe likamupweteka. Pa mawu ake khumi, anayi ankatchula zimene chitenje chimabisa.

Ine ndinkadula mawu amenewo monga ndimadulira ulusi wolendewera pa malaya ndisanapereke kwa mwini. M'kalata munkangotuluka kuti mayi athu a ku Amaramba akuti mlatho uja ndi wovuta, oyenda asamale. Iye kuwerenga sankadziwa, ndipo sanadandaulepo. Nthawi zina akadutsa pashopu panga ankandiponyera timilamba tiwiri touma nkunena kuti ndikadye ndinenepe, popeza kupemphera kwandiumitsa ngati usipa.

Amene anadandaula ndi mphunzitsi uja.

"Atelala," anandiuza tsiku lina pa foni, "mayi uja mwamusandutsa katekisita. Omudziwa akamva kalata yathu amaseka, amati ameneyu si iye."

Ndinamuyankha kuti lilime ndi kamoto, ndipo ine sindinalembedwe ntchito yonyamula makala kupita nawo m'makomo a anthu. Kalatayi imamveka kumene kuli ana, kumene kuli apongozi. Iye anati kalata ndi ya anthu, si ya mpingo wanga, ndipo anthu athu amalankhula choncho kuyambira makolo. Tinakangana miyezi ingapo, mwaulemu ndithu, aliyense akutchula mnzake ndi dzina la ntchito yake. Ena a pagulu anamva za mkanganowo nagawikana. Ena ankati zotukwana zizidulidwa, ena ankati mchere wa nkhani ndi womwewo.

Kenako mphunzitsiyo ananena chimene chinandilasa. Anati kusintha mawu a munthu nkuikapo dzina lake ndi umboni wonama, ndipo munthu wokonda Malembo ngati ine ndimayenera kudziwa zimenezo kuposa iye.

"Tsiku lina mudzalembe monga walankhulira, mawu ndi mawu," anatero, "tione ngati thambo ligwe."

Ndinatenga mawuwo nkuwasunga monga munthu amasomekera mpeni kudenga. Ndinkapemphera m'mawa uliwonse, koma mpeniwo sindinauchotse. Ndinkadikira awudiyo yoipitsitsa, yoti ikatuluka aliyense aone kuti wolungama anali ndani pakati pa telala ndi mphunzitsi.

Nthawi ya dzuwa itafika, mitengo ikuphukira, kunamwalira bambo wina wonyamula katundu pa siteshoni ya ku Entre Lagos. Anadwala masiku ochepa chabe. Bamboyo anali msuweni wa mayi wa nsomba uja, mwana wa malume ake enieni. Ine ndinkadziwa zimenezo. Ndinkadziwanso mwambo wa chisuweni, pakuti ndinakulira m'mudzi ku Ngauma. Asuweni amanyozana moyo wawo wonse popanda mlandu, ndipo wina akafa, wotsalayo amamunyoza komaliza pamaso pa abale, kuti olira apeze pogwira mpweya. Ndili wamng'ono ndinaona msuweni wa mayi anga akukalipira maliro awo kuti anyamuke akaphike, ndipo amene ankalira anaseka misozi ili m'masaya.

Uthenga wa imfayo unamupeza mayiyo ali ku Cuamba ndi dengu lake, mochedwa, ndipo mwambo wa kumanda unamupita. Lachisanu m'mawa, tsiku loika malirolo, awudiyo yake inalowa m'foni yanga. Ndinaimitsa makina nkumvetsera.

Anayamba ndi mawu oti "msuweni wanga iwe," kenako mawu anakana kutuluka. Ndinamva akukoka mphuno, ndinamva phokoso la msika kumbuyo kwake. Atapeza mpweya anati: "Galu iwe, wagoneranji dzuwa lili pamutu? Dzuka, waulesi iwe. Dengu langa anditsitsira ndani pa komboyo?" Zotsatira sindingazibwereze pano. Anatchula ziwalo za malemuyo chimodzichimodzi, ananyoza fungo la mapazi ake, anati anali waumbombo kuyambira ali kumsana. Pomaliza anati, "Pita, ndinatopa nawe." Pakati pa mawu alionse panali kulira, kulira kwenikweni kochokera m'mimba. Anatsiriza ndi kundipempha kuti ndilembe m'kalata kuti iye walira.

Ndinamvetsera kawiri. Sindinganame kuti sindinamvetse. Ndinamvetsa zonse, ndipo mtima wanga unadumpha ngati wa mlenje amene waona mphondero zatsopano.

Ndinalemba mawu ndi mawu, pansi penipeni pa chidziwitso cha malirowo. Kulira ndinakusiya, ndikudziuza kuti kulira kulibe zilembo. Mawu atatu oyamba aja, msuweni wanga iwe, ndinawasiyanso, ndipo pa amenewo ndinalibe chodziuza. Pempho lake la kumapeto sindinalembe. Ndinatumiza kwa mphunzitsi.

Anandiimbira pasanathe nthawi. Iye anabadwira m'tauni, banjalo sankalidziwa, ndipo awudiyo anali asanaimve.

"Atelala, izi nzoti zitulukedi?"

"Mawu ndi mawu, aphunzitsi. Kapena thambo mwayamba kuliopa?"

Kunyada kwake kunakumana ndi kwanga pakhomo lopapatiza, ndipo panalibe wopatukira mnzake. Loweruka m'mawa kalata inatuluka.

Pasiwa anthu anali asanabalalike. Mwana wamkazi wa malemuyo, amene analeredwa m'tauni ndipo amagwira ntchito ku Nampula, anatenga foni kuti awerengere mayi ake ndi abale chidziwitso cha bambo ake. Anawerenga mpaka anafika pa galu, napitirira mizere iwiri asanadziwe chimene pakamwa pake pakutulutsa. Ndinamva kuti akuluakulu ena pomwepo anati chimenechi ndi chisuweni chabe. Koma mwanayo anafunsa kuti chisuweni chake chiti chosabwera kumanda, chongolemba nkutumiza mpaka ku Joni. Mawu aja atagona papepala anali ouma ngati nsomba za mwini wake.

Gulu linayaka masiku atatu. Ndinawerenga uthenga uliwonse, ndipo ndikuchitira umboni kuti panalibe ndi mmodzi yemwe amene anatukwana. Onse analankhula mawu ochapa bwino. Mayi wina wa kwaya analemba kuti timupempherere mlongo wathuyu, pakuti tsopano taona chifukwa chake Mulungu anamumana ana. Bambo wina wa ku Mitande anati mwamuna amene anamuthawa uja ayenera kupepesedwa, anthu ankamunena pachabe. Wina anangofunsa modekha kuti munthu wamphamvu wonyamula matumba amafa bwanji masiku ochepa, ndipo mawu oti pita ndinatopa nawe amanenedwa ndi munthu wodziwa chiyani. Liwu loti ufiti sanalitchule. Panalibe chifukwa cholitchulira. Pansi pa uthenga umenewo anthu anaikapo timanja topemphera.

Mayiyo anatumiza awudiyo imodzi pagulu kuti adziteteze, koma anali atapsa mtima, ndipo m'menemo munalowanso mawu ake a masiku onse. Anthu anati mwamva nokha.

Nthawi yonseyo awudiyo yoyamba ija inali m'foni yanga. Chala chimodzi chikadaitumiza, anthu akadamva kulira kuja. Ine ndinalemba zina. Ndinalemba kuti ndakhala ndikuchenjeza za nkhani imeneyi kwa miyezi, kuti chofufumitsa chaching'ono chimatupitsa mtanda wonse, ndipo ndinapempha kuti tikhazikitse lamulo. Lamulolo ndinalisoka ndekha: mawu otukwana asapezeke m'kalata ngakhale pagulu, kaya olembedwa kaya olankhulidwa, ndipo opezeka afufutidwe msanga. Onse anavomera. Anavomeranso kuti mayi wa nsomba achotsedwe, ndipo popeza ndinali mmodzi mwa osunga gulu, anati ndichite ndine. Ndinachita ndi chala chachikulu, chomwe ndimakankhira nsalu pansi pa singano. Mphunzitsi anapepesa pagulu kuti maganizo ake anali olakwa, ndipo pasanapite nthawi anandisiyira kalata yonse. Anthu anandiyamika. Ena anayamba kunditchula mlonda wa gulu.

Patapita sabata ziwiri, masana a tsiku la msika, mayiyo anafika pashopu panga. Anatula dengu pakhomo. Ndinamulozera mpando koma anakhala pansi. Anandipatsa moni wonse, kufunsa za kunyumba ndi za mpingo, kenako anati:

"Abambo, andiwerengera zimene munalemba. Mawuwo ndi angadi, sindikana. Ndangobwera kudzafunsa kuti kulira kuja munakusiya kuti."

Ndinati kulira sikulembeka.

"Nanga mawu oti msuweni wanga, nawonso salembeka?"

Ndinaweramira singano ngati ulusi wathothoka. Ndinamuuza kuti tsiku lomaliza aliyense adzayankha pa mawu alionse opanda pake amene analankhula. Anagwedeza mutu nati zimenezo nzoona. Kenako anapempha chinthu chimodzi. Foni yake inali yaing'ono, yodzaza msanga, ndipo zakale anali atafufutitsa. Anati ndiike awudiyo ija pagulu anthu amve okha, ndipo akamva nkunenabe kuti achoke, iye sadzavutanso munthu.

Ndinamuuza kuti ndinaifufuta, chifukwa m'foni mmene ndimasungamo nyimbo za Mulungu simungakhale zonyansa. Foniyo inali m'kabati ka makina, pansi pa mabobini, pafupi ndi bondo langa, ndipo awudiyo inali momwemo.

"Basi, maliro okha muzindiuzako," anatero. "Munthu wosamva maliro ndi wakufa kale."

Ndinati kalata ndi ya anthu a pagulu, ndipo ine sindingaphwanye zimene anthu anapangana. Anadzuka, anasenza dengu lake, nati tsalani bwino abambo. Pa nthawi yonse imene anakhala m'shopumo sanatulutse liwu loipa ndi limodzi lomwe. Atapita ndinatsegula zenera kuti fungo la nsomba lituluke, nkupitiriza yunifolomu ya sukulu imene ndinkasoka.

Pamsika wa Mandimba amayi anayamba kulambalala dengu lake. Pang'onopang'ono anasiya kubwera, nkumangoyenda mbali ya ku Cuamba. Maliro awiri atatu a anthu omudziwa anamupita osamva, ndipo paliponse panapezeka wina wonena kuti mwaona, sanabwerenso.

Chaka chitatha, banja lija linakonza zomanga chiliza pamanda a malemuyo. Tsiku loyamba limene anasankha mayiyo analimva kwa mbale wina wa ku Mitande, ndipo anayamba kukonzekera. Koma mwana wa ku Nampula uja anapatsidwa tchuthi msanga, ndiye tsikulo analibweza m'mbuyo ndi sabata imodzi. Kusinthako kunalengezedwa m'kalata ya Loweruka, ndi dzanja langa. Nambala ya mayiyo ndinali nayo. Ndikukumbukira kuti ndinamuganizira ndikudula kolala ya malaya, ndipo ndinati umenewo si udindo wanga.

Ku chilizako ndinapita, ndipo anandipempha kuyambitsa nyimbo. Anthu anayang'anayang'ana naona kuti msuweni kulibe. Anati mtima ukumutsutsa.

Iye anafika Loweruka lotsatira, atasenza dengu la milamba yosankha, yowamba bwino, yoti anthu adye pamwambo. Anapeza simenti itauma, pabwalo posesa. Mkazi wa malemuyo sanamutulutsire mphasa. Bambo wina wogwira ntchito pa siteshoni ndiye anadzandiuza zimenezi atabwera kudzapinditsa buluku. Anati mayiyo anapita yekha kumanda nakhala kumeneko mpaka dzuwa kupendeka, ndipo ena anamutsatira chapatali kuti amve zimene atukwane, koma sanamve kanthu. Pochoka anasiya dengu lija pakhomo la mkazi wamasiyeyo. Panalibe wolimba mtima kudya. Nsombazo anakazitaya kudzala, agalu a pa siteshoni nachita phwando. Bamboyo ankasimba akuseka, ine ndikumuyeza m'chiuno.

Palibe mngelo amene anandiimirira panjira. Ndinangofika, m'kuwerenga kwanga kwa m'mawa, pa nkhani ya kholo lija limene linagona m'hema lili maliseche, mwana mmodzi nkutuluka kukaulutsa, awiri nkulowa chambuyo atanyamula nsalu. Nkhaniyo ndinali nditaiwerenga kambirimbiri, ndipo nthawi zonse ndinkadziika pakati pa awiri a nsalu aja. Tsiku limenelo ndinakweza maso nkuona nsalu zitapachikidwa khoma lonse la shopu yanga, ndipo ndinalephera kumaliza mutuwo.

Ndinayamba ndi mphunzitsi. Ndinamutumizira awudiyo nkumuuza zimene ndinasiya dala. Anaimba atamvetsera, nanena mawu ochepa.

"Munandiyesa lumo lanu, atelala."

Anadula foni, ndipo kuyambira pamenepo tikakumana ku Cuamba timangokwezerana manja.

Lachiwiri m'mawa ndinaika awudiyo pagulu, pamodzi ndi kuvomereza kwanga. Ndinafotokoza za mawu atatu aja, za kulira, za bodza limene ndinanena m'shopu, ndipo ndinapempha kuti mayiyo abwezedwe. Foni imaonetsa amene amvetsera, ndipo anali ochepa oti nkuwawerenga pa zala. Wina anayankha kuti zakale zisiyeni, musadzutse maliro ogona. Mayi wa kwaya uja anati kudzichepetsa kwanga kwamulimbikitsa kwambiri, nandiikira timanja topemphera. Mwana wa ku Nampula anangotuluka pagulu. Pa pempho lobweza mayiyo panalibe wothirapo ndemanga. Dzuwa lisanafike pamutu, mnzanga wina wosunga gulu anandikumbutsa mwaulemu kuti lamulo lathu sililola mawu otukwana, kaya olembedwa kaya olankhulidwa, ndipo anafufuta awudiyoyo. Uthenga wotsatira unali wa mlimi wa ku Ngauma wofunsa ngati feteleza wafika.

Ndinaimba nambala ya mayiyo. Anayankha munthu wina wolankhula Chimakhuwa, amene anati nambalayo anaigula yatsopano ndipo mayi wa nsomba samudziwa. Ndimamva kuti ali moyo, akuyendabe ndi dengu mbali ya ku Cuamba. Kawiri ndinazungulira msika wa kumeneko osamupeza. Pagulu sanabwerere, ndipo maliro a kuno amawamva, ngati amawamva nkomwe, anthu atabwerako kale kumanda.

Kalata ikutulukabe Loweruka lililonse, ndipo ndine ndikulembabe, popeza palibe wina wofuna ntchito yopanda malipiro. Wina akandifunsa ngati mawu otukwana ayenera kulowa m'kalata ya gulu, ndimayankhabe kuti ayi. Pamenepo sindinasinthe. Ana amamva, apongozi amamva, ndipo pakamwa potamanda Mulungu sipayenera kuzolowera matope. Ndimadulabe. Kungoti tsopano ndimadziwa kuti zaka zonse zimene ndinkadula mawu a mayi uja ndinkamuveka, ndipo Lachisanu limodzi limene ndinalemba zoona zokhazokha ndi limene ndinanama. Mlandu suola. Wanga uli pamaso pa Iye amene anamva awudiyo yonse, ndi kulira komwe.

Inu amene mwawerenga mpaka pano, Ambuye akudalitseni inu ndi a m'nyumba zanu. Aike mlonda pakamwa panu, aikenso wina pa zala zanu. Mukadzalira mosalongosoka, akupatseni womva wachifundo. Uthenga wa maliro a abale anu uzikupezani nthawi ikadalipo, ndipo tsiku lanu likadzafika pasadzasowe msuweni wokulirani. Mtendere wa Mulungu ukhale nanu, a ku Mandimba, a ku Ngauma, a ku Cuamba, ndi onse oyenda panjira atasenza madengu. Amen.